Boti Likatuluka M'madzi

Kwathu kuno ku Dowa, madzi ochuluka amene munthu angawaone pamalo amodzi ndi a m'dambo mwezi wa Febuluwale, ndipo amenewonso mbuzi imawoloka mchira uli wouma. Choncho musadabwe ndikakuuzani kuti pamudzi wina kufupi ndi Chisepo, katswiri wa za maboti anali Tiyamike, mayi amene sanakwerepo ngakhale bwato chibadwire.

Zonsezo anaziphunzira pafoni. Mwamuna wake, Limbani, anapita ku Joni mwana wawo Ulemu akadali kumsana. Poyamba ankasamalira maluwa kwa mzungu wina wokalamba m'tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Kenako mzunguyo ndi mkazi wake, kaya chinawalowa n'chiyani, anagulitsa nyumba yabwinobwino ya njerwa n'kugula boti la matanga loti azikhalamo, aziphikiramo, azigonamo, n'kumayendayenda nalo m'mayiko. Galu anamusiya kwa aneba, Limbani n'kumutenga. Pofika nthawi ya nkhani yathuyi Ulemu anali atayamba sukulu, ndipo bambo ake ankawadziwa ngati mawu otuluka m'foni basi.

Pamudzipo netiweki inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa kaphiri kakuseri kwa chigayo. Loweruka lililonse masana Tiyamike ankakwera kaphiriko, n'kuima pathanthwe, foni m'mwamba ngati munthu woimitsa minibasi, mpaka mauthenga a mawu a Limbani alowe onse. Sankawamvera pomwepo ayi. Ankatsika nawo, n'kumawadya pang'onopang'ono sabata yonse, wina posoka fodya m'chigafa, wina poswa mtedza pakhonde, wina pochapa.

Chodabwitsa n'chakuti Limbani ali kumudzi sanali munthu wolankhula. Anali wa "eya" ndi "ayi", mwakuti apongozi ake ankati mkamwini wawo mawu amachita kugula. Koma pa nkhani ya boti, pakamwa pake panatseguka.

"Amake Ulemu," ankatero, "lero bwana wandiphunzitsa kusintha oilo wa injini. Injiniyo ili pansi pa masitepe, umachita kugona chafufumimba, mutu mkati, miyendo kunja. Ndatuluka ndili bii ngati wootcha makala. Koma ndakhoza, yalira."

Tsiku lina ankafotokoza za mchere, kuti ndiwo mdani wamkulu, chitsulo chilichonse ukachisiya osachitsuka ndi madzi abwino mawa chachita dzimbiri. Tsiku lina za zingwe, kuti chilichonse chili ndi mfundo yakeyake, ndipo ukamanga ngati ukumanga mbuzi bwana amakumasulitsa. Chitofu, akuti, chimalendewera n'kumapendekera komwe boti lapendekera, kuti poto asagwe. Kapu iliyonse ili ndi kabowo kake kokhalamo. Kusamba ndi madzi a m'kabotolo. Pamadzi akuya sagona onse pamodzi, amasinthana, wina akugona wina akuyang'ana mphepo. Nsomba zinamukola, ankangolota nkhwani wotendera.

Panali uthenga umodzi umene Ulemu anaukonda kuposa yonse, mpaka anauloweza. "M'mawa uliwonse, usanamwe ndi tiyi yemwe, umatsegula thabwa lapansi n'kuyang'ana ngati m'munsi mwa boti muli madzi. Ukawapeza, umaviika chala n'kulawa. Akakhala opanda mchere ndiye kuti ndi a mvula kapena thanki yadontha, mtima pansi, simumira. Koma akakhala amchere, nyanja ikulowa penapake, ndipo sukhala pansi mpaka upapeze." Kuyambira pamenepo mwanayo ankalawa madzi aliwonse amene wawapeza pansi, a pamjigo, a m'chithaphwi, ngakhale a m'mbale ya nkhuku, ndipo makofi a mayi ake sanamuletse.

Amayi a pamjigo anamupatsa Tiyamike dzina loti Akapiteni. "Akapiteni, mphepo yalowera kuti lero?" Iye ankangoseka nawo, ndipo kunena zoona dzinalo ankalikonda. Linali chinthu chokhacho pamudzipo chomwe chinkasonyeza kuti ali ndi mwamuna.

Ndalama Limbani ankatumiza, pamenepo tisamunamizire. Koma Limbani anali mkamwini. Kwawo kunali kumapiri a ku Ntchisi, ndipo atakwatira anabwera kudzamanga pamudzi wa mkazi wake monga mwa mwambo. Mkamwini amaoneka ndi maso. Amaoneka pamaliro, amaoneka kudimba, amaoneka padenga mwezi wofolera. Denga la nyumba ya Tiyamike linali laudzu, ndipo chaka ndi chaka amene ankakwerapo kukafolera anali malume ake, a Isake, bambo wachikulire wa mawondo otupa, amenenso anali nkhoswe yake paukwatiwo.

A Isake sanali munthu wankhanza. Anali munthu wotopa. Chaka chimenecho, fodya atapita ku okushoni, anakhala pakhonde la Tiyamike n'kutambasula miyendo yawo mobuula.

"Iwe Tiyamike, ine Limbani sindidana naye. Koma maliro a agogo ako sanabwere. Maliro a mlamu wake sanabwerenso. Anthu akundifunsa ngati mwana wa mlongo wanga ali pabanja kapena ayi, ine n'kumasowa choyankha. Ukukalambira pakaphiri apo. Ndaitana akwawo tidzamve."

Akwawowo anali a Elifala, mkulu wake wa Limbani, nkhoswe ya kuchimuna. Anafika panjinga kuchokera ku Ntchisi fumbi lili mpaka m'nsidze, chipewa chili m'manja chifukwa cha manyazi. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, a Isake uku, a Elifala uku, Tiyamike ndi mayi ake, a Agnesi, pamkeka chapatali pang'ono. Funso linali limodzi: Limbani abwera liti? A Elifala anayang'ana pansi, n'kuyang'ana njinga yawo, n'kunena kuti nawonso amangomva za injini.

"Ngati sakubwera," anatero a Isake mofatsa, "mutibweretsere chisudzulo, mwanayu adziwe pomwe waima." Chisudzulo ndi kanthu kakang'ono kamene abale a mwamuna amapereka m'manja mwa mkazi posonyeza kuti ammasula, ukwati watha.

Tiyamike sankafuna kumasulidwa. Ankamukonda Limbani, ndipo ankamufuna iyeyo, osati wina. Pamenepo anakumbukira uthenga wa Loweruka lapitalo, mmene Limbani anati mwezi wa Okutobala boti adzalitulutsa m'madzi ndi chimakina chachikulu n'kuliika pamtunda.

"Malume," anatero atagwada, "abwera. Mwezi wa Okutobala boti likutuluka m'madzi. Likatuluka, abwera."

Nkhope zonse zinamasuka. A Elifala anavala chipewa chawo. Zinali zomveka kwa aliyense pansi pa mango paja. Ngolo ikatha kututa chimanga, ng'ombe umazichotsa goli, zikapume, woyendetsa n'kupita kukaona abale. Boti lili pamtunda lingayende bwanji? Ndipo munthu wa pa boti losayenda angakhalirenji kumeneko? Anagwirizana kuti adikire. Mvula yoyamba ikadzagwa Limbani asanaponde pamudzipo, a Elifala adzabwera ndi chisudzulo popanda kuitanidwanso.

Inu, anthu akumapiri ife. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi botilo amalitulutsiranji. Ndipo Limbani sananenepo kuti abwera. Malirewo anaika ndi Tiyamike mwini, ndi pakamwa pake, akuganiza kuti akupulumutsa banja lake.

Loweruka lotsatira anakwera kaphiri n'kutumiza uthenga. Sanatchule za chisudzulo, poti sankafuna mwamuna wobwera chifukwa choopsezedwa. Anangoti ankhoswe anakumana, ndipo aliyense akuyembekezera kuwaona boti likatuluka. Foni inaonetsa kuti uthengawo sunafike. Loweruka linalo, chimodzimodzi. Limbani anali pakati pa nyanja, kumene kulibe netiweki, akubwerera kuchokera kuzilumba zina zakutali. Utafika patapita milungu, yankho la Limbani linali lalifupi: "Ndamva, amake Ulemu. Tikambirana." Kenako anapitiriza kufotokoza za thanga lomwe linang'ambika ndi mphepo ndi mmene analisokera ndi singano yaikulu ngati yosokera matumba.

Tiyamike anamva "tikambirana" ngati "ndikubwera". Anamweta udzu wofolera wambiri kuposa chaka china chilichonse, n'kuimika mitolo m'mbali mwa nyumba. Anazira m'nyumba ndi pakhonde. Anapatula tambala mmodzi n'kumamupatsa madeya payekha. A Isake atabwera ndi makwerero awo kuti afolere dzuwa lisanafike poipa, iye anawabweza.

"Chaka chino afolera eni ake, malume. Pumitsani mawondo."

A Isake anayang'ana denga, lomwe linali litayamba kuonetsa nsungwi ngati nthiti za ng'ombe yowonda, n'kunyamula makwerero awo kubwerera kwawo.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Anthu anali pa ntchito yothirira nazale za fodya m'mawa ndi madzulo. Loweruka lina Tiyamike ali pathanthwe paja, foni inalira, ndipo sunali uthenga. Limbani ankaimba, ya vidiyo.

Poyamba sanamuzindikire. Anaona munthu wovala ovolosi yoyera, nsalu kukamwa, tsitsi ndi nsidze zili buluu ndi fumbi. Munthuyo atatsitsa nsaluyo n'kumwetulira, m'pamene anaona mpata wa m'mano uja, ndipo anakhala pansi pathanthwepo.

"Amake Ulemu, taonani," anatero Limbani, n'kutembenuza foni.

Ndi limenelo botilo. Linali pamtunda ndithu, litakhazikidwa pazitsulo, lalitali kuposa tchalitchi cha kumudzi, mimba yake yonse ili poyera. Tiyamike anali atalimva kwa zaka, koma kuliona chonchi kunali koyamba. Anasangalala. Kwa kanthawi kochepa anasangalala ndi mtima wonse.

"Latuluka," anatero. "Ndiye munyamuka liti?"

Limbani anakhala ngati sanamve. Anayandikitsa foni kumimba kwa boti. "Mukuona tizigoba iti? Timamera pansi pa madzi ngati nkhono, tonseti tipalidwe. Tikatha kupala, tikwecha ndi sandipepa mpaka lisalale, ndi fumbi mukulionali. Apa pali mng'alu, pofunika kumata. Kenako penti, kupaka, kudikira iume, kupakanso. Mapaipi onse olowa pansi tiwamasule tione ngati sanadyeke. Zonsezi sizitheka lili m'madzi. Ino ndiye nyengo ya ntchito yeniyeni, amake Ulemu, ili ngati Febuluwale wa fodya. Tikuyamba kusanache, kuweruka dzuwa litalowa."

Febuluwale wa fodya. Tiyamike anali mlimi, sanafunike kumufotokozera kawiri. Palibe munthu amasiya fodya akupsa m'munda n'kupita kukacheza.

"Bambo a Ulemu," anatero pang'onopang'ono, "ine ndinawauza ankhoswe kuti boti likatuluka mubwera. Ndimayesa likatuluka mumapuma. Anagwirizana kuti mvula yoyamba ikagwa musanabwere, akulu anu abweretsa chisudzulo."

Kumbali inayo kunali phokoso la makina okwecha.

"Bwanji simunandifunse?" anatero Limbani.

"Bwanji inu simunandiuze?"

Kenako Limbani anayamba kufotokoza, mawu ali pansi. Bwana wakalamba, manja amanjenjemera, sangagwire makina. Penti ikauma libwerera m'madzi, ndipo ulendo uno sabwereranso kuzilumba zija, azungulira kumunsi kwa Joni n'kuwoloka nyanja yaikulu kupita tsidya lina. Mphepo yowolokera ili ndi nyengo yake, sidikira munthu. Akachoka lero, mawa lomwe bwana atenga wina, anyamata ofuna ntchito ali mbwee pageti.

Zonsezo Tiyamike anazimva, ndipo mwina zinali zoona. Koma maso ake sanali pankhope ya Limbani. Anali padzanja lake. Nthawi yonse imene ankalankhula, dzanja lamanzere la Limbani linali pamimba pa boti, likusisita pamene anakwecha, kupita uku, kubwerera uku, mwini wake osadziwa n'komwe. Tiyamike analidziwa dzanja limenelo ndi kasisitidwe kake.

"Boti silisiyidwa, amake Ulemu," anatero Limbani. "Ukalisiya nyengo imodzi yokha osalisamalira, limawola ukuliona."

"Ine ndatopa, bambo a Ulemu. Ndikukufunani kuno. Mwana sakudziwani. Denga silinafoleredwe, udzu ndinamweta uli panja kudikira inu."

"Auzeni malume adikire chaka chamawa. Tikangowoloka, ndidzapempha."

Mawu amenewo, chaka chamawa, Tiyamike anali atawamva Ulemu akuyamba kukwawa, n'kuwamvanso akuyamba kulankhula. Wina anaitana Limbani m'Chingerezi. Iye anacheuka, n'kuyankha mwachangu ndi mawu amene mkazi wake sanawamvepo, n'kukweza nsalu ija kukamwa. "Ndiimbanso," anatero kuseri kwa nsaluyo, ndipo foni inada.

Tiyamike anatsika kaphiriko osalira. Kunyumba a Isake anangomuyang'ana kamodzi akudutsa ndi ndowa n'kudziwa. M'mawa mwake anabweranso ndi makwerero.

"Tifolere, mwana wanga. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Ntchisi."

"Mvula sinagwe, malume."

Kunali kuuma mutu, inde, ndipo iye mwini ankadziwa. Koma kulola a Isake kukwera padenga paja kukanakhala kuvomera pamaso pa mudzi wonse kuti eni ake sakubwera. Ndiye mitolo ya udzu inakhalabe chiimire. Galimoto iliyonse yochokera ku Mponela ikaima pamsewu, Tiyamike ankasiya chimene akuchita n'kuimirira. Munkatsika matumba a feteleza, munkatsika ana a sukulu, tsiku lina munatsika mbuzi.

Mayi ake, a Agnesi, ndi amene ananena chinthu chimene aliyense ankachizemba. Ukwati wa Tiyamike ndi Limbani unadalitsidwa kutchalitchi. Chisudzulo chimamasula kumudzi, koma kutchalitchi Tiyamike adzakhalabe mkazi wa Limbani mpaka mmodzi adzafe. "Ndiye usaganize kuti ukalandira kanthuko wapeza ufulu," anatero a Agnesi akupeta. "Udzangokhala wopanda mwamuna kuno, wokwatiwa uko."

"Ndikudziwa, amayi."

"Nanga ukuti bwanji?"

"Palibe chomwe ndikuti."

Loweruka lomaliza limene anakwera kaphiri anapeza uthenga umodzi ndi chithunzi. Pachithunzipo boti linali likulendewera pa malamba a chimakina chija, mimba yake ili buluu, yosalala, yokongola zedi, likutsitsidwira m'madzi. Mu uthengamo Limbani anapepesa. Anati mtima ukumupweteka, anati sagona, anati awapemphe malume. Ndipo kumapeto, poti munthu sangabise chimene chamudzaza, anawonjezera kuti atalitsitsa anatsegula thabwa lapansi n'kupeza mouma gwa, ngakhale dontho.

Mvula inagwa masana a tsiku lina lapakati pa sabata. Inayamba ndi mphepo yonyamula mapesi, kenako madontho akuluakulu, kenako chimvula chenicheni. Fungo la dothi linadzaza mudzi. Ana anathamangira panja osavala malaya, amuna anayamba kufunafuna makasu, pamudzi ponse panali chimwemwe poti nazale zinali zitatsala pang'ono kupserera. Tiyamike anaima pakhomo n'kumayang'ana mitolo yake ya udzu ikunyowa. M'nyumba munayamba kudontha, poyamba pakona, kenako pakati, kenako pamwamba pa mphasa. Anatchera beseni, ndowa, mapoto, mpaka ziwiya zinatha madontho asanathe.

A Elifala anali munthu wosunga mawu. Sanadikire kuitanidwa. Anafika m'mawa wina kukuwaza mvula yamawawa, akukankha njinga chifukwa matope anali atatseka matayala. A Isake anabwera akutsimphina, a Agnesi pambuyo pawo. Anakhala pakhonde, n'kupatsana moni wautali wa anthu osafuna kufika pa nkhani. Anafunsana za mvula ya ku Ntchisi, za mbewu, za mawondo. Kenako a Elifala anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'kampango.

"Muitaneni," anatero a Isake.

Tiyamike anali m'nyumba, akumva zonse. Anali atavala chitenje chake chabwino, chomwe anasungira tsiku lofika Limbani, poti zina zonse zinali zonyowa. Ankachita mantha, ndipo chisoni chinali chitamukhala pachifuwa ngati thumba la chimanga.

Pansi, pafupi ndi mphasa, beseni linali litasefukira ndipo madzi anali atapanga kachithaphwi padothi lozira lija. Ulemu ananjuta pamenepo. Anaviika chala, n'kuchiika pakamwa, n'kukhala kaye chete monga anamvera kuti amachitira odziwa ntchito. Kenako anatukula mutu, nkhope ili ngwee.

"Alibe mchere, amayi. Sitimira. Ababa anatero."

Tiyamike anamuyang'ana mwanayo. Nthawi zonse ankamumenya kadzanjako, koma tsiku limeneli anangomupukuta chala ndi nsonga ya chitenje.

"Eya," anatero. "Sitimira."

"Tiyamike," anaitana a Agnesi kuchokera panja.

Anatuluka, n'kugwada kumapeto kwa khonde pamene madzi a padenga ankagwera, n'kutambasula manja onse awiri.